Ndinapita ku Australia kukafufuza golide: zimene dobadoba sanandiuze

Ndakhala ku Joni zaka 11 ndikugwira ntchito ya zamagetsi, ndipo chimene chimandichotsa kutopa pa tchuthi ndi kuyenda mumchenga wa kunyanja ndi kamakina kofufuzira zitsulo zokwiririka pansi. Chizolowezi chimenechi ndicho chinandifikitsa ku Victoria, chigawo cha kummwera kwa Australia, mu Epulo 2024. Chibwerereni kumeneko foni yanga sikupuma. Msuweni wanga amene amasefa golide ku Makanjira akufuna kugulitsa njinga yake yamoto ya kabaza, wina wa ku Ntcheu akuti akatenga ngongole ku banki mkhonde, ndipo onse akufunsa nambala ya munthu amene anandikonzera ulendo. Nambalayo sindipereka kwa aliyense, ndipo zifukwa zake ndi izi.

Munthuyo ndinamupeza pa Facebook, pa tsamba lodzaza ndi zithunzi za miyala ikuluikulu ya golide. Zithunzizo sizinali zabodza ayi, ndipo mpamene pagona msampha. Nzoona kuti pa 5 Febuluwale 1869, John Deason ndi Richard Oates anafukula mwala wa golide wotchedwa Welcome Stranger pafupi ndi mizu ya mtengo ku Moliagul, wolemera makilogalamu oposa 70, moti anachita kuuswa asanauyeze ku banki ya ku Dunolly chifukwa panalibe sikelo yokwanira. Nzoonanso kuti mu 1980 Kevin Hillier anapeza wina wa makilogalamu 27 ku Kingower pogwiritsa ntchito makina onga anga omwewa. Chimene dobadoba sanena nchakuti anthu akhala akukumba dera limenelo kuyambira 1851, ndipo chiyambireni nkhani ya Hillier palibe chigwa chodziwika chimene makina sanadutsepo kambirimbiri.

Anandilipiritsa R54,000, tikiti ya ndege payokha. Mkati mwa ndalamazo anati R9,000 ndi ya viza ya ofufuza golide, R6,500 ndi ya layisensi yofufuzira golide, R12,000 ndi ya malo angaanga oti ndizikumbapo ndekha, ndipo yotsalayo ndi ya malo ogona masiku 10, makina, wondiperekeza m'tchire sabata yathunthu komanso galimoto yodzanditenga pabwalo la ndege. Viza ya ofufuza golide mwachisangalalo kulibe. Imene ndinalandira ndi viza wamba ya alendo, ya gulu la 600, imene munthu amafunsira yekha pa intaneti ndipo nthawi imeneyo mtengo wake sunkapitirira madola 200 a ku Australia, kapena kuti pafupifupi R2,300. Chinandiopsa kwambiri nchakuti pa fomu iye anali atalemba kuti ndili ndi mchimwene wanga ku Melbourne amene wandiitana, pamene ine ndilibe mbale ndi mmodzi yemwe m'dziko limenelo. Ndinaliona bodzalo fomu isanatumizidwe ndipo ndinaumirira kuti alichotse, chifukwa a boma la Australia akakugwira ndi uthenga wabodza amakukaniza viza, ndipo angathe kukuletsa kulandira ina kwa zaka zitatu. Dzina limene likanadetsedwa ndi langa, osati lake.

Pa layisensi mpamene mtima umandiwawabe mpaka lero. Chiphaso chofufuzira golide ku Victoria chimatchedwa Miner's Right, chimagwira ntchito zaka 10, mlendo aliyense amaloledwa kugula, ndipo mtengo wake sunkafika ndi madola 30 omwe. Munthu amagula pa foni nthawi yosakwana yophikira nsima. Nditapita ku mzinda wa Ballarat ku Victoria komweko ndinamva mbiri yake: mu Disembala 1854 okumba golide anaukira boma pa malo otchedwa Eureka chifukwa cha kukwera mtengo kwa layisensi ya mwezi ndi mwezi komanso nkhanza za otolera, anthu oposa 20 anafa, ndipo chaka chotsatira boma linakhazikitsa chiphaso chimenechi pa mtengo wa paundi imodzi pachaka. Anthu anataya moyo kuti pepalali likhale lotsika mtengo kwa munthu wamba, ndiye wina atakhala pampando ku Johannesburg nkuligulitsa R6,500 kwa m'bale wake wa ku Africa kuno. Dziwaninso kuti chigawo chilichonse cha Australia chili ndi malamulo akeake, choncho chiphaso cha ku Victoria sichikuthandizani ku tauni ya migodi ya Kalgoorlie ku Western Australia kapena m'chigawo cha Queensland, ngakhale wina akuuzeni kuti ndi cha dziko lonse.

Polowa m'dzikomo ndinalemba pa khadi la alendo zonse zimene ndinanyamula, ndipo ndikuthokoza kuti ndinatero. Mtedza wauwisi anaulanda, nsapato zanga za m'tchire anakazitsuka chifukwa zinali ndi dothi kuphazi, koma sanandilipiritse kanthu popeza ndinaulula ndekha. Wobisa chakudya, mbewu kapena zida zimene zili ndi dothi amalipira chindapusa cha madola ochuluka, ndipo ena viza yawo imathera pomwepo pabwalo la ndege. Amene mumaganiza zoti kamba wa paulendo mungomukulunga m'chitenje pansi pa chikwama, lekani.

Ku Melbourne sindinapeze munthu wondidikira. Ndinakhala maola anayi ndikuimba foni, mpaka uthenga unabwera pa WhatsApp wakuti dalaivala wadwala ndipo nditumize R3,000 ina kuti apeze wina. Sindinatumize. Ndinakwera sitima ya pamtunda ya ku Bendigo, mzinda wa m'dera la golide, ulendo wa maola awiri, ndipo kumalo ogona anandionetsa pa kompyuta kuti masiku olipiridwa ndi awiri okha mwa 10 aja. Wondiperekeza anabwera tsiku limodzi, mnyamata waulemu amene anandiuza poyera kuti analipidwa tsiku limodzi basi ndipo samudziwa nkomwe munthu wa ku Joni uja. Malo anga a R12,000 aja anali nkhalango ya boma imene aliyense wokhala ndi chiphaso amalowamo ulere, ndipo m'mawa womwewo tinapezamo magalimoto atatu a anthu opuma pantchito. Makina amene anandisiyira anali ofufuzira makobidi m'mabwalo a masewero. Dothi la kumeneko ndi lofiira, lodzaza chitsulo, choncho makina otchipa amangolira paliponse ngati pansi ponse pali chuma, ndipo golide wamng'ono sangamumve.

Popanda galimoto m'nkhalango zimenezo simufika, ndiye ndinachita hayala. Pa intaneti analemba madola 60 patsiku, koma pa kauntala anatsekereza madola 1,500 pa khadi langa la ku banki ngati chikole, ndalama zimene ndinkadalira pa chakudya, ndipo anazimasula patatha milungu itatu nditabwerera kale. M'timalemba ting'onoting'ono ta mgwirizano munali mawu akuti inshuwalansi sigwira ntchito pa msewu wafumbi, pamene msewu uliwonse wopita kumene kuli golide ndi wafumbi. Kuti andilole ndinawonjezera ndalama tsiku lililonse, pobweza anandidulanso madola 180 oyeretsera fumbi lofiira, ndipo banki yanga inkadya pang'onopang'ono nthawi iliyonse ndikalipira m'madola. Galimoto ya madola 60 patsiku inandithera madola 1,100 m'masiku 9.

Tsiku lachinayi ndinali nditataya mtima, ndipo ndinalowa m'kasitolo kena m'tauni yaing'ono kuti ndingofunsa ngati makina aja angakonzedwe. Mwini wake anali mayi wachikulire amene amabwereketsa makina enieni ofufuzira golide. Asanatchule mtengo anandifunsa chimene ndabwerera, ndipo nditafotokoza anatulutsa botolo lalikulu lodzaza misomali yadzimbiri, zipolopolo zamtovu ndi tizitsulo ta nsapato za okumba akale, nkuika pambali pake kabotolo kakang'ono ka golide. Anati zonse ziwirizo anazitola chaka chimodzi, ndipo ngati ndabwera kudzabweza ndalama za tikiti ndi bwino ndisabwereke makina ake, chifukwa alendo ambiri a sabata imodzi amabwerera opanda kanthu. Kunena zoona, aka kanali koyamba pa ulendo wonsewo kuti munthu woti apindula ndi ndalama zanga andiuze mawu ondibweza m'mbuyo.

Anandibwereka makina pa madola 120 patsiku, makina oti kugula atsopano ndi madola masauzande angapo. Anandiphunzitsa ulere kwa maola awiri kuseri kwa sitolo: kuyendetsa mbale ya makina pang'onopang'ono moyandikira dothi, kumvetsera kamawu kofooka m'malo mwa phokoso lalikulu, ndi kukumba paliponse pamene makina akayikira. Anandijambulira pa mapu malo ololedwa ndi oletsedwa, chifukwa si nkhalango yonse imene chiphaso chimakutsegulirani. M'munda wa munthu simulowa popanda chilolezo cha mwini wake, mitsinje ina ndi yoletsedwa, malo a makolo a Aaborijini, anthu oyamba kukhala m'dzikomo, sakhudzidwa, zida zololedwa ndi zamanja zokha monga piki, fosholo ndi beseni, ndipo dzenje lililonse limene mwakumba muyenera kulikwirira. Tsiku lina mvula inagwa kuyambira m'mawa ndipo sindinatuluke, mayiwo sanawerengere tsikulo ngakhale makina anagona kwa ine. Chikole changa cha madola 500 anandibwezera chonse m'manja tsiku lomwe ndinabweza katundu wawo.

Ndinafufuza masiku 7, maola 7 kapena 8 patsiku, m'nkhalango za bulugamu za pakati pa Maryborough, Dunolly ndi Wedderburn. Ndinakumba maenje oposa 200. Ndinapeza tizidutswa titatu ta golide tolemera magalamu 1.3 tonse pamodzi, kakakulu kake kofanana ndi njere ya mpunga. Sindibisa kuti pamene kachidutswa koyamba kanawala m'dzanja langa pakati pa dothi lofiira, manja ananjenjemera, ndipo chisangalalo chimenecho ndidzachikumbukira moyo wanga wonse. Ndinakafikanso pa chipilala cha ku Moliagul pamene panatuluka mwala waukulu uja, ndipo ndinaima pamenepo nthawi yaitali. Koma wogula golide atayeza tizidutswato anati angandipatse madola osapitirira 150, kapena kuti R1,800, pamene ulendo wonse unandidyera pafupifupi R117,000.

Tchire limenelo si loseweretsa. Muli zitsime zakuya za migodi yakale zimene pakamwa pake paphimbika ndi masamba ndi nthambi, muli njoka zaululu woopsa, ndipo m'zigwa zambiri foni sigwira, moti ukathyoka mwendo uli wekha palibe wokumva. Ambulansi ku Victoria si yaulere, mlendo wopanda inshuwalansi amalipira madola oposa 1,000 pa ulendo umodzi, chipatala pachokha. Kuyambira Disembala mpaka Febuluwale kutentha kumatha kupitirira madigiri 40 ndipo moto wolusa umayaka m'nkhalango, komabe dobadoba uja ankandikakamiza kuti ndinyamuke pa Khrisimasi ati chifukwa malo atsala ochepa. Madzulo ndi mbandakucha nyama za kangaroo zimadumphira pamsewu, ndipo galimoto ya hayala ikagunda imodzi chikole chija mwachiiwala.

Tsopano kwa inu abale anga amene mukundiimbira. Anthu amene ndinakumana nawo m'nkhalango zija ndi opuma pantchito, ali ndi penshoni, nyumba ndi galimoto zawo, ndipo amafufuza golide monga mmene wina amapitira kukawedza ndi mbedza Loweruka, akagwira asangalala, akapanda kugwira abwerera kukadya kunyumba. Inu mukufuna kupita ndi ndalama ya katapila kukachita nawo masewero a anthu okhuta. Amene mukuganiza kuti mukangolowa mukapeza ganyu ku mgodi, viza ya alendo imaletsa ntchito ina iliyonse yolipidwa, ndipo akakugwirani amakubwezani ndi chiletso pamwamba. Amene mukufuna kubwereka ndalama kuti zingooneka mu akaunti tsiku lofunsira viza, oona mafomu amayang'ana mmene akauntiyo yayendera miyezi ingapo, ndipo akakukanizani ndalama ya viza sibwezedwa. Msuweni wanga wa ku Makanjira ndinamuuza maso ndi maso kuti njinga yake imamupatsa ndiwo tsiku lililonse, pamene nkhalango ya ku Victoria inandipatsa ine R1,800 pa sabata yathunthu ndili ndi makina apamwamba m'manja.

Ngati ntchito yanu ndi yokhazikika, ndalama ndi zanuzanu zoti zikatha ana sagona ndi njala, ndipo mumakondadi kuyenda m'tchire, pitani mu Epulo, Meyi, Seputembala kapena Okutobala. Viza funsirani nokha, chiphaso gulani nokha, malo ogona muimbire nokha ndipo akutumizireni risiti ya masiku onse, makina mukabwereke komweko kwa munthu amene mukumuona ndi maso, ndipo mgwirizano wa galimoto muuwerenge mpaka pa mawu onena za msewu wafumbi. Ndikanatero, pafupifupi theka la R117,000 ija likanakhala m'thumba mwanga.

Pa R54,000 ija sindinabwezeredwe ndi senti yomwe. Nditabwerera ndinapeza nambala yake yazimitsidwa, ndipo kaofesi kamene tinkakumanirana kanali katasanduka kogulitsira mafoni. Mwezi watha mnzanga wa kuntchito anandionetsa tsamba latsopano pa Facebook, dzina lina, nambala ina, koma zithunzi za miyala ya golide zomwe zija ndi mawu omwe aja a viza ya ofufuza golide. Mtengo tsopano akuti ndi R61,000, ndipo pansi pake panali mayina a Amalawi anayi akufunsa kuti dipoziti atumize bwanji.