Ndemanga yanga pa ulendo wapansi wokaona mbalame ndi maluwa ku Pembrokeshire

A kampani imene inatiyendetsa ndawapatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu. Yachisanuyo ndawamana chifukwa potsatsa malonda awo analemba kuti ulendowu ndi wopepuka, woti aliyense angathe, pamene zenizeni si choncho. Kupatula apo, ndalama yanga sindikuidandaula.

Ndi kakampani kakang'ono kamene kamayendetsa alendo wapansi m'mbali mwa nyanja ku Pembrokeshire, kumadzulo kwa Wales. Ife tinapita chapakati pa Meyi, ine, akazi anga ndi apongozi anga amene anabwera kudzationa. Pamtengo umene tinalipira panali galimoto yotitenga pa siteshoni ya Haverfordwest, malo ogona pafupi ndi mudzi wa Marloes, kamba wa masana, munthu wotitsogolera, ndi tikiti ya boti yopita pa chilumba cha Skomer.

Ndinene msanga kuti njirayo payokha ndi yaulere. Pembrokeshire Coast Path, imene inatsegulidwa mu 1970, ndi yotalika makilomita pafupifupi 300 kuchokera ku Amroth kukafika ku St Dogmaels, ndipo aliyense akhoza kuyendamo osalipira kalikonse. Zikwangwani zilipo, simungasochere. Ndiye mukamalipira kampani ngati iyi, mukugula maso a wokutsogoleraniyo. Mayi amene anatitsogolera, maso ali nawo. Pamene ine ndimangoona udzu ndi miyala, iwo amaima n'kutiloza timaluwa tabuluu ta spring squill, tofupika moti ukhoza kutiponda osadziwa. Anatinunkhizitsa maluwa achikasu a chitsamba chaminga cha gorse, amene dzuwa likawomba amamveka fungo la kokonati. M'mphepete mwa maphompho munali mbuu maluwa a pinki otchedwa thrift, omera pamwala penipeni pamene mphepo yamchere imapha zomera zina.

Kumtunda kwa gombe la Marloes Sands anatiimitsa mwadzidzidzi, akuti timvetsere. Kunali kulira kwa chough, mbalame ya mtundu wa akhwangwala koma yakuda bii thupi lonse, mlomo ndi miyendo zili psuu. Ku Britain zatsala zochepa, ndipo zambiri mwa zotsalazo zili ku Wales. Tikanakhala tokha tikanati ndi khwangwala wamba n'kupitirira. Anatibwerekanso magalasi oonera patali, aliyense ake, ndiye panalibe zolandizana.

Apongozi anga chimene chinawasangalatsa kwambiri ndi anamzeze amene amauluka chapansipansi m'minda ya nkhosa. Mayi aja atafotokoza kuti anamzeze a ku Britain amathawa chisanu n'kukakhala ku South Africa, kenako n'kubwerera mu Epulo, apongozi anaseka n'kunena kuti ndiye kuti ndi anzawo apaulendo, kungoti iwowo sanavutike ndi viza.

Tsiku la ku Skomer ndilo mutu wa ulendo wonse. Boti limanyamukira pa kadoko ka Martin's Haven ndipo limayenda mphindi ngati 15 basi. Chilumbachi chimayang'aniridwa ndi bungwe la Wildlife Trust of South and West Wales, ndipo salola anthu opitirira 250 patsiku, choncho matikiti a Meyi ndi Juni amatha kudakali miyezi. Apa kampaniyi inatithandiza, chifukwa inagula kale. Musanakwere amafuna kuti zikwama zikhale zotseka bwino. Poyamba ndinaona ngati n'zovutitsa chabe, koma chifukwa chake n'chomveka: pachilumbapo palibe makoswe, ndipo mbalame zambiri zimaikira mazira m'mauna pansi. Khoswe mmodzi wa bere atangotsika m'chikwama cha munthu, ndiye kuti zinthu zaonongeka.

Mukangotsika m'boti mumakumana ndi masitepe 87 okwera phompho. Apa ndiye pagona dandaulo langa. Apongozi anga amavutika mawondo, ndipo tinafunsa pa foni tisanalipire ngati angakwanitse. Anatiyankha kuti palibe vuto. Anakwera ndithu, koma mopuma kangapo, atagwira chitsulo cha m'mbali, anthu ena akudikira kumbuyo. Kuzungulira chilumba chonse ndi makilomita opitirira 6, m'tinjira tokwera ndi kutsika, popanda mthunzi. Iwo anatsala pa nyumba zakale za pafamu pakati pa chilumbacho, pamene palinso zimbudzi. Wotitsogolera uja anachita bwino powasiyira tiyi wa mufulasiki ndi kuwaonetsa pokhala pobisika ku mphepo, koma amene anayankha foni uja akanangonena chilungamo.

Tsono zimene tinaona. Mu Meyi mbali yaikulu ya chilumbachi imasanduka yabuluu ndi maluwa a bluebell, osakanikirana ndi ofiirira a red campion, mpaka kukafika kumene nthaka yathera. Kwina ku Britain maluwa amenewa amakonda m'nkhalango, pansi pa mitengo, koma pano ali pamtetete, nyanja ili kuseri kwake. Pamalo otchedwa The Wick pali phompho lalitali limene ladzaza mbalame za m'nyanja zotchedwa ma guillemot, ma razorbill ndi ma kittiwake, phokoso lake losamvana, fungo lakenso si lamasewera. Pomwepo ndi pamene ma puffin amadutsa panjira, pafupi ndi mapazi ako, osakuopa n'komwe. Ndi kambalame kakang'ono kuposa mmene zithunzi zimaonetsera, koyenda ngati kavala suti, mlomo wake wamitundumitundu. M'zaka zaposachedwa owerenga akhala akupeza ma puffin opitirira 40,000 pachilumbapa.

Chenjezo kwa ojambula zithunzi: chithunzi chimene kampaniyi inaika pa malonda ake n'cha puffin italuma tinsomba tooneka ngati usipa. Zimenezo mu Meyi musayembekezere kwenikweni. Nthawi imeneyo mbalamezi zimakhala zikufungatira dzira, limodzi lokha pa banja, ndipo zonyamula nsomba zimachuluka mu Juni ndi kumayambiriro kwa Julayi, anapiye ataswa. Koma pofika nthawi imeneyo maluwa abuluu aja amakhala atafota. Muyenera kusankha chimene mukufuna, ndipo ine ndingasankhenso Meyi.

Chimene chinandigwira mtima kwambiri ndi mbalame imene sitinaione yamoyo. M'njira tinkapeza mapiko awiri olumikizana, thupi palibe. Mayi aja anati amenewo ndi ma Manx shearwater amene agwidwa ndi mbalame zikuluzikulu za mtundu wa gull. Pa Skomer pali mabanja a mbalamezi pafupifupi 350,000, gulu lalikulu kuposa lina lililonse padziko, koma masana sungaione ngakhale imodzi. Ina imakhala pansi mu una, inzake ili kutali panyanja, ndipo zimasinthana usiku mdima ukagwira, pothawa adani aja. Miyendo yake ili kumbuyo kwambiri moti pamtunda imangokwawa. Chisanu chikayandikira zimauluka mpaka kunyanja ya kufupi ndi Argentina, ndipo anapiye amanyamuka okha, makolo atapita kale. N'chifukwa chake saloleza kuponda kunja kwa njira, pansi ponsepo ndi mauna okhaokha ndipo nthaka imatha kugumukira pa mbalame.

Ma seal, nyama za m'nyanja zimene zimatuluka kudzapuma pamtunda, tinawaona atagona pamiyala madzi ataphwera. Akalulu ndiye osawerengeka.

Zina zing'onozing'ono: malo ogona anali aukhondo, madzi otentha osavuta. Kamba wa masana anali wochepa, sangweji imodzi, apulo ndi kabisiketi, kwa munthu woyenda tsiku lonse. Pa Skomer palibe pogula chakudya, ndiye nyamulani chanu choonjezera ndi madzi okwanira. Valani nsapato zolimba ndi jekete yotchinga mphepo ngakhale kutacha bwino, ndipo dzuwa lakenso limawotcha mosazindikira.

Musanalipire, afunseni kuti zimatha bwanji boti likalephereka. Mphepo ya mpoto ikalimba, pa Martin's Haven boti silinyamuka, ndipo zimenezi zimachitika ndithu. Ife tinachita mwayi, koma papepala limene anatitumizira nkhani yobweza ndalama sinalembedwe momveka. Auzeni akulembereni pa imelo. Ngati muli ndi achikulire kapena mwana wofuna kuberekedwa, funsaninso za masitepe aja mwatchutchutchu.