Tcheni buloko ya amakanika pa dzenje langa la sayileji

Chitsulo chimene ndikufuna kukamba pano sanapangire alimi a ng'ombe. Ndi chija amakanika amapachika pa nthambi ya mango n'kumakwezera injini ya minibasi, amati tcheni buloko. Ine ndinagula changa mu June 2023, chaka cha namondwe wa Freddy, pa hadiweya ina ku Limbe, ndipo kwathu kuno ku Bvumbwe ntchito yake ndi kutulutsa m'dzenje sayileji, chakudya cha ng'ombe cha chimanga ndi udzu chimene timakwirira chikadali chachiwisi kuti chisungike. Anzanga a ku gulu la mkaka sakusiya kundifunsa ngati n'chaphindu, ena pa WhatsApp, ena m'mawa tikaima pa mzere ndi zigubu kudikira kuti mkaka auyeze. Ndatopa kuyankha mmodzimmodzi, ndiye ndilembe pano.

Ndiyambe ndi dzenjelo, chifukwa vuto lonse linayambira pamenepo. Alangizi amaphunzitsa kuti dzenje la sayileji likhale lalitali, losaya, lokumbidwa pamalo otsetsereka, mbali imodzi yotseguka kuti wilibala izilowa ndi kutuluka. Malangizo abwino kwa munthu amene ali ndi malo. Koma aliyense wa ku Thyolo akudziwa mmene tinapanikizikira pakati pa minda ya tiyi, ndipo ine kuwonjezera apo ndine mkamwini: kamalo kamene apongozi anandiloza kuseri kwa khola n'kongokwana kuyala mphasa ziwiri. Popeza m'mbali munalibe kopita, ndinapita pansi. Dzenje langa n'lakuya mamita 3, m'lifupi mita ndi theka, m'litali mamita 2, lomangira njerwa ndi simenti m'mbali monse.

Kudzaza dzenje lotere n'kosangalatsa. Kumapeto kwa dzinja timadula chimanga chikangopitirira pa mondokwa, maso atayamba kulimba, n'kuphatikiza ndi nsenjere wa m'milambala. Timaduladula tizidutswa, kuwaza molasesi (manyuchi otsala popanga shuga) wosungunula m'madzi, achinyamata n'kumapondaponda akuimba, mpaka dzenje litadzaza ndi kutumphuka. Pamwamba pulasitiki wakuda, kenako dothi. Zonse zimapita pansi zokha. Tsoka limabwera mu July tikatsegula, udzu utauma, chiperoni chikuwaza. Masabata oyamba umangowerama n'kutapa. Ukafika pakati umafuna makwerero. Ndili ndi ng'ombe zinayi za mkaka, iliyonse ndimaipatsa makilo pafupifupi 20 pa tsiku pamwamba pa madeya ndi mapesi, kutanthauza kuti makilo 80 ayenera kukwera makwerero aja tsiku lililonse, m'thumba, paphewa, mapazi ali tererere ndi madzi a sayileji. Mu 2022 msana unandigwira ndili pa sitepe yachinayi, thumba lili paphewa. Ndinagona masabata awiri, akazi anga ndi mphwanga, mwana wa achemwali anga, ndi amene ankatsika.

Ndiye nditaona mnyamata wowonda pa galaja akukweza injini yathunthu ndi dzanja limodzi, linalo atagwira foni, ndinati basi, mankhwala a msana wanga ndi awa.

Ndinagula ya tani imodzi, yopangidwa ku China, yopakidwa penti wofiirira, yolemera ngati thumba laling'ono la ufa. Mtengo wake nthawi imeneyo unali ngati mkaka wa ng'ombe imodzi wa masabata atatu. Musandifunse wa lero: ndinagula kwacha asanaigwetse ndi 44 peresenti mu November chaka chomwecho, ndipo zitsulo zonse zochokera kunja zinathawa kuyambira pomwepo. Wogulitsa anandifunsa funso limodzi lokha, loti ndikufuna ya matani angati. Inenso sindinafunse china. Safunsa anadya phula, mudzamva kutsogoloku.

Ili ndi maunyolo awiri. Wokhuthala ndi umene uli ndi mbedza yonyamula katundu. Wowonda, wozungulira wopanda mapeto, ndi umene umakoka ndi manja. Mkati muli magiya ndi buleki imene imagwira yokha. Tinazika nsichi ziwiri za bulugamu uku ndi uku, tazipaka oyilo wakutha wa galimoto kuopa chiswe, n'kugoneka mtanda wokhuthala pamwamba, mamita 2 kuchokera pakamwa pa dzenje. Chonyamuliramo ndi mgolo wa malita 200 wochotsa chivindikiro, wobowola malo atatu m'milomo n'kumangamo unyolo. Ukadzaza bwino, mgolo umodzi umayandikira chakudya cha tsiku lonse.

Tsiku loyamba sindidzaliiwala. Mphwanga anadzaza mgolo, n'kutuluka. Ndinayamba kukoka. Kachitsulo kamkati kakulira kuti khethekhethe, mgolo ukukwera pang'onopang'ono ngati dzuwa la m'chisanu, ine osamva kulemera kulikonse, ngati ndikukoka chingwe choyanikira zovala. Ana a oyandikana nawo anadzaza pa mpanda. Mgolo unatuluka m'dzenje, n'kuima m'malere, ukuzungulira pang'ono. Tonse tinangoti chete. Akazi anga ndi amene anayamba kulankhula.

"Nanga bambo a ana, pamenepa ufika bwanji kukhola?"

Sindinaganizeko. Tcheni buloko imadziwa njira ziwiri zokha, kumwamba ndi pansi. Mgolo unali lende pakati penipeni pa dzenje, pansi pake pali phompho. Mphwanga anati, "Amalume, tingoukokera kumbali kuno." Tinayesa, nsichi imodzi inalira, unyolo unayamba kukhula pakamwa pa chitsulo, ndinati siyani. Tsiku limenelo tinagoneka matabwa atatu modutsa dzenje, kutsitsira mgolo pamatabwapo, n'kumatapa ndi foloko kuthira m'wilibala. Tinachita choncho chaka chonse choyamba. Chaka chachiwiri ndi pamene wowotcherera zitsulo wa pa msika anandipangira mtanda wachitsulo wotalika kupitirira dzenje, ndi kangolo ka timawilo tiwiri koyenda pamtandapo, tcheni buloko n'kupachikidwa ku kangoloko. Tsopano mgolo ukakwera ndimangoukankha ndi dzanja, umakatsikira pambali pa wilibala. Koma mudziwe kuti mtanda ndi kangoloko zinandidya ndalama zoposa za tcheni buloko yeniyeniyo. Amene akuwerengera mtengo wa pa sitolo wokha akudzinamiza.

Chimene ndimachitamandira kwambiri ndi buleki. Ukhoza kusiya unyolo nthawi ina iliyonse, katundu ali pakati pa ulendo, sabwerera pansi ngakhale pang'ono. Tsiku lina ndikukoka, thole linamasuka n'kuthamangira ku dimba la apongozi. Ndinasiya zonse, kulithamangitsa, kukangana nawo pang'ono apongoziwo za kabichi, kubwerera patapita theka la ola, mgolo uli pomwe ndinausiya. Amene anatungapo madzi pa chitsime cha chingwe ndi pule akudziwa zimene zimachitika dzanja likaterereka. Kutsitsanso n'chimodzimodzi, umachita kukoka unyolo mbali inayo, mgolo sutsika wokha. N'chifukwa chake ngakhale akazi anga amatulutsa sayileji popanda ine, ndipo msana wanga sunandigonekenso.

Koma kuchedwa kwake, abale. Mphamvu imene chitsulochi chimakupatsa chimakulipiritsa ndi nthawi. Ndinamanga kansalu pa unyolo wamanja n'kuwerenga kuti kadutsa kangati: kuti mgolo ukwere mita imodzi ndimakoka unyolo wopitirira mamita 30. Dzenje likafika pansi, ndi mamita pafupifupi 100 kukweza, enanso 100 kutsitsa mgolo wopanda kanthu, pakuti magiya sadziwa kuti mgolo wapepuka. Phokoso lake ng'ombe zinalizolowera moti zikangomva khethekhethe zimayamba kulira, ndipo zimalira mpaka kutopa chakudya chisanafike. Mphwanga akakhala pa changu cha mpira amaisiya tcheni buloko n'kutenga thumba ndi makwerero, ndipo zoona zake amamaliza msanga kuposa ine. Ali ndi zaka 22. Tani imodzi pa katundu wa makilo 80 n'kupha nyerere ndi musi. Pakanakhala ya theka la tani tsiku limene ndinkagula, ndikanatenga imeneyo.

Tsopano phula lija. Tcheni buloko zambiri za m'masitolo zimakweza mamita 3 okha, ndipo yanga ndi imodzi mwa izo. Mu July, August ndi September zonse zinali bwino. Pofika October, sayileji atatsala wa pansi, unyolo unatha mgolo usanagunde pansi. Unkangolendewera cha m'mawondo, ukuthawa uku ndi uku munthu akamathira. Ndinabwerera ku sitolo kuja kukafunsa ngati angandisinthire ndi yaitali ndiwonjezere ndalama. Anandiloza chikwangwani chija cha katundu wogulidwa sabwezedwa, n'kundiuza kuti yaitali inalipo tsiku lomwe ndinagula, sindinafunse. Sanalakwe kwenikweni, koma munthu wogulitsa zitsulo akamva kuti ukukatulutsira zinthu m'dzenje, kufunsa kuya kwake sikukanamuthyola lilime. Panopa tikafika pansi timaika chitsa pansi pa mgolo kuti ukhazikike. Inu yesani dzenje lanu, muwonjezerepo mita imodzi, muuze wogulitsa nambala imeneyo musanatulutse ndalama. Kulumikiza chingwe kumunsi sikuthandiza, chifukwa mgolo sudzatulukanso pakamwa pa dzenje.

China ndi dzimbiri. Sayileji wabwino ndi wowawasa, n'chimene chimamusunga, fungo lake ngati thobwa logona. Kuwawasa komweko kumadya chitsulo. Unyolo wamanja umalendewera m'dzenje n'kumakhudza sayileji, ndipo mwezi usanathe unali utafiira, manja akamachoka pamenepo ngati waumba njerwa. Wonyamula katundu unayamba kuuma, kumadumpha pa giya. Tsopano Loweruka lililonse ndimaupukuta ndi chiguduli n'kuupaka oyilo pang'ono. Pang'ono ndithu, chifukwa wochuluka amadonthera m'chakudya cha ng'ombe, ndipo oyilo asafike pa buleki, ikanyowa mafuta imaterereka. Madzulo ndimaimasula n'kukaisunga m'nyumba. Mame ndi chifukwa chimodzi; chachiwiri ndi anyamata oyenda ndi sikelo ogula zitsulo zakutha, amene akhala akuiyang'ana ndi diso lachikondi.

Pali chinthu chimodzi chimene tcheni buloko sinachotse: munthu ayenerabe kutsika kukadzaza mgolo. Ndipo dzenje lakuya la sayileji si malo osewera. Zomera zikamasasa zimatulutsa mpweya woipa wolemera kuposa umene timapuma, umakhazikika pansi, suoneka. Umakhala wambiri masabata oyamba mutangokwirira, koma m'dzenje lopanda kotulukira ngati langa ukhoza kutsalira. Lamulo la pakhomo panga n'lakuti tikavundukula pulasitiki timadikira kaye mphepo ipite, ndipo tikafika kuya timatsitsa koloboyi woyaka m'mgolo. Akazima, palibe wotsika. Wina akakhala pansi, wina amaima pamwamba. Ndipo mgolo sunyamuka munthu asanatuluke. Apa ndinakangana naye kwambiri mphwanga, chifukwa unyolo wamanja umafika m'dzenje momwemo, ndiye iye anatulukira nzeru yoti azikoka ali pansi, mgolo ukukwera pamwamba pa mutu wake. Tsiku lina ndinamupeza atakhala m'mgolo, mnzake akumukweza, onse akuseka. Pa chitsulo pomwepo pali chithunzi choletsa kunyamulira munthu. Ndinamuuza kuti akafuna kukwera zikepe apite ku Blantyre, ine sindikufuna kukafotokoza za maliro kwa achemwali.

Sayileji ndimatulutsa tikamaliza kukama, osati tisanayambe, chifukwa fungo lake limalowa mu mkaka ndipo limakanirira m'manja. Ndimachotsa muyalo wonse wa pamwamba mofanana, wankhungu wa m'mbali ndimataya ku manyowa, kenako ndimabwezera pulasitiki ndi matumba a mchenga. Apa mgolo wathandiza mosayembekezeka: kale pothawa maulendo a makwerero tinkakumba dzenje m'kati mwa dzenje pafupi ndi makwerero pomwepo, mbali ina n'kumaola. Tsopano wodzaza alibe chothamangira, amasesa bwinobwino, ndipo wotayika wachepa.

Ndiye mugule kapena ayi? Ngati simunakumbe dzenje ndipo malo muli nawo, mverani alangizi, kumbani losaya lolowa wilibala, ndalama ya tcheni buloko mugulire pulasitiki wabwino ndi molasesi. Ngati muli ndi ng'ombe imodzi kapena ziwiri, pule ndi chingwe ndi ndowa zikukwanirani, ndipo n'zachangu. Koma ngati muli ngati ine, dzenje lakuya lilipo kale, ng'ombe zikupitirira zitatu, mutu wayamba imvi, gulani, bola unyolo ukhale wautali ndipo muwerengere ndalama ya mtanda.

Muwerengerenso obwereka. Chaka chatha ng'ombe ya mnzathu wa m'gulu inagwa itangobereka, yosatha kudzuka. Dokotala wa ziweto ataibaya, tinaikulunga malamba m'mimba ndi pachifuwa n'kuikweza ndi tcheni buloko yanga pa mtengo wa mapeyala, pang'onopang'ono, mpaka inaponda. Kuchedwa kuja kunali kofunika tsiku limenelo. Mbiri inamveka mudzi wonse, ndipo kuyambira pamenepo yakwezapo ng'ombe yosenda pa ukwati, injini ya chigayo ndi thanki ya madzi ya pa tchalitchi. Pamene ndikulemba pano ili kwa alamu anga, anaitenga Lachiwiri kuti abweza madzulo omwewo. Lero ndi Loweruka, ndipo m'mawa uno mphwanga watsika ndi thumba.