Chimbale cha Harry's House pa mbale ya vinyl: n'choyenera ndalama zake?

Harry Styles adalowa gulu la One Direction mu 2010 ali ndi zaka 16, kudzera mu mpikisano wa The X Factor ku Britain. Gululo litapumira mu 2016, adayamba kuyimba yekha. Harry's House, chimbale chake chachitatu, chidatuluka pa 20 May 2022, ndipo mu 2023 chidapata mphoto ya Grammy ya chimbale chopambana cha chaka.

Muli nyimbo 13, pafupifupi mphindi 42, zonse pa mbale imodzi ya vinyl (mbale ya pulasitiki yoyimbidwa ndi singano yoyenda m'mizere yake) yozungulira maulendo 33⅓ pa mphindi. Zambiri adapeka pamodzi ndi akatswiri okonza nyimbo Kid Harpoon komanso Tyler Johnson. Bezi wa nyimbo ya As It Was amamveka bwino, koma pomwe mbaleyi imakoma ndi pa Matilda: gitala wosalumikiza kumagetsi, mawu apansipansi, mpaka mpweya wa woyimba kumveka. Mavesi ena ndi opepuka, kunena zoona. Mphamvu ya chimbalechi ili m'zoyimbira.

Vuto lili kumapeto a mbali iliyonse. Singano ikayandikira pakati, mizere imathinana, ndiye ngati singanoyo ndi yakutha kapena yopendekeka, nyimbo yomaliza ya Love of My Life imatuluka yosasa. Zipangizo zoyimbira mbale zotchipa zokhala ngati sutikesi zimakanikiza kwambiri ndipo zimadya mizere msanga. Singano zambiri zimafuna kulemera kwa magalamu pafupifupi awiri basi.

Mbaleyi muziyisunga choimiritsa, kutali ndi dzuwa. Ikangopindika ndi kutentha, kuwongola n'kovuta.