CMake yandithandiza kwambiri posamutsa pulogalamu

Anzanga olemba ma code a C ndi C++, CMake, chida chokonza kamangidwe ka pulogalamu kuchokera ku code yanu, ndiyabwino zedi ndipo ndi yaulere. Kapulogalamu kanga ndinakalembera pa Linux koma kanafunika kayendenso pa Windows ndi pa Mac, ndiye m'malo mosunga ma Makefile (mafayilo a malangizo omangira pulogalamu) atatu ndimangolemba fayilo imodzi basi yotchedwa CMakeLists.txt, CMake yokha imadziwa kuti tikumangira makina anji. Mukalemba if(WIN32) imasankha mafayilo a Windows, if(APPLE) a Mac, ndipo CMAKE_SYSTEM_NAME imakuuzani dzina lenilenilo, pa Mac imati Darwin.

Pamene muyenera kusamala ndi pa if(UNIX), chifukatu imakhala yoona pa Linux ndi pa Mac pomwe, ndiye yambani mwafunsa APPLE kaye. LINUX yodziimira payokha inabwera mu CMake 3.25, pa yakale mulibe.

Mkati mwa code ndimagwiritsabe ma #ifdef (mizere youza compiler, yomwe imamasulira code, gawo loti itenge pa makina alionse), _WIN32 ya Windows imagwira ngakhale Windows ya 64-bit, ndipo Android nayo ili ndi __linux__ ya Linux ija choncho __ANDROID__ izikhala pamwamba. Kalembedwe ka CMake kamavutirapo masiku oyamba, koma ndinazolowera ndipo panopa pulojekiti iliyonse ndimayambira pomwepo.