Ofesi ya Family Advocate ku Joni: thandizo laulere pa nkhani ya ana banja likatha

Banja likagwedezeka kumudzi timadziwa kolowera. Ankhoswe amakhala pansi, amalume amayankhulapo, zikakanika nkhani imafika kwa amfumu. Kuno ku Joni ankhoswe ali kutali, ndipo zimene angagwirizane pa WhatsApp sizimanga munthu pamaso pa khoti. Pa nkhani ya ana, khomo limene timalangiza makolo kuti agogode koyamba ndi la Family Advocate, ofesi ya boma imene ili pansi pa unduna wa zachilungamo. Inakhazikitsidwa ndi lamulo la 1987, ndipo simulipira kalikonse.

Chimene chimasokoneza ambiri n'chakuti Family Advocate si loya wa mayi, komanso si loya wa bambo. Amaimira ubwino wa mwana basi. Mukapita ndi mtima woti akumenyereni nkhondo mubwerako okhumudwa. Ife timaona kuti ubwino wa ofesiyi wagona pomwepa, chifukwa pamkangano wa banja aliyense amakhala ndi omuikira kumbuyo kupatula mwanayo.

Lamulo la ana la dziko lino, Children's Act ya 2005, linasintha mawu. Kukhala ndi mwana ndi kumusamalira amati care, kumuona ndi kucheza naye amati contact. Mawuwa muwamva kwambiri kumeneko. Zoti kwathu n'kwa chikamwini choncho ana ndi a kuchikazi, kapena zoti malowolo anaperekedwa choncho ana ndi a kuchimuna, sizigamula mlandu kuno. Funso ndi limodzi: chomuyenera mwanayu n'chiyani? Bambo amene sanakwatirane ndi mayi wa mwana nayenso akhoza kukhala ndi ufulu wonse wa kholo, ngati ankakhala limodzi ndi mayiyo monga banja pamene mwana ankabadwa, kapena ngati anavomera kuti mwana ndi wake ndipo wakhala akuthandiza kumulera ndi kumusamalira.

Ngati mukusudzulana kukhoti, wokasuma amadzaza fomu yotchedwa Annexure A pamodzi ndi chisamani, kufotokoza kumene ana akhale, sukulu yawo ndi umoyo wawo. Khoti silithetsa ukwati lisanakhutire kuti ana asamalidwa bwino. Mukagwirizana, ofesi imaunika pangano lanu ndi kulivomereza. Mukasemphana, mmodzi wa inu kapena khoti lenilenilo limapempha kafukufuku. Amakuitanani nonse awiri, ndipo mumakumana ndi Family Advocate pamodzi ndi Family Counsellor, amene kawirikawiri amakhala social worker. Amayamba ndi kuyesa kukuyanjanitsani pa nkhani ya anayo. Zikakanika amalemba lipoti lopita kukhoti, ndipo ngakhale wogamula ndi woweruza, lipotilo limalemera kwambiri.

Mwana naye amafunsidwa, malinga ndi msinkhu wake. Apa makolo ambiri amadziwonongera okha. Mwana wa zaka 7 akafika n'kuyamba kulakatula mawu a akuluakulu, akuti "bambo anga ndi osasamala za udindo wawo", anthu aja amadziwa msanga kuti waphunzitsidwa kunyumba, ndipo cholakwacho chimagwera amene wamuphunzitsa. Muuzeni mwana kuti akukacheza ndi munthu amene akufuna kumva za iye, musapitirire apo.

Tengani pasipoti kapena chiphaso chilichonse chimene muli nacho, setifiketi yobadwira ya mwana, malipoti a kusukulu, khadi la kuchipatala, malisiti a fizi ndi lendi, ndi mapepala onse a kukhoti, makamaka ngati pali protection order chifukwa cha nkhanza. Za nkhanzazo zinenereni pachiyambi kuti aone ngati n'koyenera kukukhazikani chipinda chimodzi. Zokambirana zimayenda m'Chingerezi nthawi zambiri, ndiye ngati Chingerezi chimakuvutani pemphani womasulira pamene mukupatsidwa tsiku, osati m'mawa wa tsikulo.

Chofooka chachikulu ndi nthawi. Milandu ndi yambiri, ndipo kafukufuku wathunthu akhoza kudya miyezi. Podikira chisudzulo, loya wanu kapena a Legal Aid South Africa angakupemphereni chigamulo chongoyembekezera, Rule 43 ku High Court kapena Rule 58 ku Regional Court. Amene simunakwatirane, khoti la majisitireti la dera limene mwana amakhala limagwiranso ntchito ngati khoti la ana, ndipo mumayambira pa Form 2.

Chimene mumatuluka nacho chaphindu kwambiri ndi parenting plan, pangano lolembedwa ndi kusainidwa, limene mungalembetse kuofesiko kapena kulisandutsa chigamulo cha khoti. Pangano limalimba kapena kufooka malinga ndi zimene mwabweretsa inuyo. Mawu akuti "bambo aziona mwana nthawi yoyenera" ndi mbewu ya mkangano. Lembani kuti Loweruka limodzi pa masabata awiri aliwonse, kuyambira 9 koloko m'mawa mpaka Lamlungu 4 koloko madzulo. Lembani malo opatsirana mwana, kaya pageti la sukulu kaya pakhomo la tchalitchi, ndi amene alipire takisi, pakuti kuchoka ku Rosettenville kukafika ku Diepsloot ndi mwana pamiyendo si ulendo wa takisi imodzi. Ngati mayi amagwira ntchito ya m'nyumba yogonera komweko ndipo amapuma Lamlungu lokha, kapena bambo ndi mlonda wa usiku, panganolo litsate masiku enieni a ntchitoyo. Onjezani masiku oimbirana foni, kagawidwe ka tchuthi cha sukulu, ndi kusinthana Khirisimasi kapena Eid chaka ndi chaka.

Ndalama yosamalira mwana ili ndi khoti lakelake, maintenance court. Kuletsa bambo kuona mwana chifukwa sanalipire n'kulakwa, monganso kusiya kulipira chifukwa akukuletsani kumuona. Kumana kholo linzanu mwana mophwanya chigamulo cha khoti kapena pangano lovomerezeka ndi mlandu umene chilango chake ndi faindi kapena ndende mpaka chaka chimodzi. Inu amene mumakhala ndi mwana mukasamuka nyumba, lamulo la ana lija limafuna kuti mumudziwitse mnzanuyo adiresi yatsopano polemba.

Kwa ife Amalawi, mphamvu ya ofesiyi imathera pa Beitbridge, malire a dziko lino ndi Zimbabwe. Kuti mwana atuluke m'dziko lino pamafunika chilolezo cha onse amene ali ndi udindo womuyang'anira mwalamulo, kapena cha khoti. Koma mwana akakwezedwa basi pa Park Station n'kukafika kwa agogo ku Mangochi kapena ku Mzimba, kumubweza n'kovuta zedi, chifukwa Malawi sali m'pangano la Hague lobwezera ana otengedwa popanda chilolezo. Zikatero mlandu umakayambikanso m'makhoti a kwathu. Choncho musachokemo muofesimo nkhani ya ulendo wa kumudzi isanalembedwe: amene asunge pasipoti ya mwana, masiku odziwitsana ulendo usanachitike, tsiku lonyamuka ndi lobwerera, mudzi ndi nambala ya foni ya kumene mwana akafikire, ndi kalata ya chilolezo yosainidwa pamaso pa commissioner of oaths, imene mungasainitse kupolisi.