Kafukufuku wa Gule Wamkulu ku Mchinji: Ku Zomba Kapena Kumudzi?

Wophunzira digiri yachiwiri amene akufufuza ubale wa Gule Wamkulu ndi mipingo ku Mchinji ali ndi njira ziwiri.

Yoyamba ndi zolembedwa zakale za ku National Archives ku Zomba. Pofunsa mafayilo kumbukirani kuti boma la Mchinji linkatchedwa Fort Manning nthawi ya atsamunda. Vuto lake n'lakuti olemba ambiri anali azungu aboma ndi amishoni, ena odana ndi nyau, choncho mawu a eni gule samveka.

Yachiwiri ndi kupita kumudzi, ndipo imapindula kwambiri ngakhale imadya nthawi. Tengani kaye chilolezo cha komiti yoona za kafukufuku kuyunivesite ndi kalata ya DC, kenako mukaonekere kwa mfumu yaikulu ndi nyakwawa. Wosameta, kutanthauza amene sanalowe gule, saloledwa kudambwe, malo achinsinsi a nyau, ndipo mukajambula gule osapempha, mudzi wonse umatseka pakamwa. Amayi oimba ndi kuomba m'manja pabwalo muwafunse paokha, chifukwa pamaso pa madoda samasuka. Pitani m'chilimwe anthu atakolola. M'dzinja aliyense amakhala kumunda wa fodya ndi mtedza.

Ndalama zikalola, yambani ndi masabata awiri ku Zomba kuti mukafike kumudzi ndi mayina a mafumu ndi zaka zofunsira akuluakulu.