Chiwindi, usipa, mbatata kapena chiponde: kagalu kanu mukapatse chiti?

Anzanga oweta agalu, kagalu ka miyezi iwiri kapena itatu kamafuna tizakudya tapadera ta mitundu iwiri, ndipo ambiri timasakaniza mitunduyi. Woyamba ndi kamphotho ka pophunzitsa: mwanena kuti "khala", kakhala pansi, m'kamwa mwalowa kanthu, kameza, kakuyang'ananinso kudikira mawu ena. Wachiwiri ndi chinthu choti kazitafuna kapena kunyambita kwa nthawi yaitali, kuti kasiye kulimbana ndi nsapato zapakhonde ndi miyendo ya mipando. Chakudya chimene chimachita bwino pa ntchito yoyamba nthawi zambiri chimalephera yachiwiri. Mbatata youma imathandiza masana mukatanganidwa, koma simungaphunzitsire, chifukwa pomwe kagalu kazimaliza kutafuna kamakhala kataiwala kale chimene kanalandirira.

Muyeso wake ndi uwu. Madokotala a ziweto amalangiza kuti tizakudya tapaderati tisapitirire gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu yonse imene galu amadya pa tsiku. Kagalu ka makilogalamu 5 kamene kakukula kamafuna makalori (muyeso wa mphamvu ya m'chakudya) pakati pa 450 ndi 700 pa tsiku, malinga ndi msinkhu wake, ndiye zokometsera zonse pamodzi zisapose makalori 45 mpaka 70. Dzira limodzi lowiritsa lili ndi makalori pafupifupi 75, ndipo supuni yaikulu imodzi ya chiponde ili ndi oposa 90. Mukuona nokha kuti malirewa safuna dzanja lolemera.

Pophunzitsa, palibe choposa chiwindi. Galu amasankha ndi mphuno, ndipo fungo la chiwindi limamufikira ngakhale chili m'thumba la malaya. Gulani cha ng'ombe kapena cha mbuzi kubutchala, muchiwiritse m'madzi okhaokha, opanda mchere, opanda anyezi, kwa mphindi 15 mpaka 20 kuti chipse mpaka mkati. Chikazizira, duladulani tizidutswa tofanana ndi njere ya chimanga. Kenako tiumitseni mu uvuni pa moto wochepa, madigiri 90 mpaka 100, kwa maola awiri kapena atatu. Amene alibe uvuni ayale pa waya pamwamba pa mbaula makala atayamba kuzirala, n'kumatembenuza. Tikauma timada bii, timalimba kunja, ndipo sitimatanso m'zala. Msuzi umene munawiritsiramo musataye, muthire pa chakudya chake cha madzulo.

Vuto la chiwindi ndi kukoma kwake komweko. Chili ndi vitamini A wochuluka zedi, ndipo vitamini ameneyu satuluka mumkodzo, thupi limamusunga. Akachuluka kwa nthawi yaitali amawononga mafupa, ndiye kwa kagalu kamene mafupa ake akukula nkhaniyi si yopepuka. Chizindikiro choyamba kuti mwapyola muyeso chimaoneka m'mawa wake: kutsekula m'mimba, chimbudzi chakuda chamadzimadzi. Kwa kagalu ka makilogalamu 5, chiwindi chosakwana theka la kabokosi ka machesi pa tsiku n'chokwanira, ndipo mukachidula bwino chimatulutsa tizidutswa tokwana phunziro lonse. Ngati mukufuna nyama yoti muzipereka mowolowa manja pang'ono, mtima ndi mapapo a ng'ombe zilibe vitamini A wochuluka chotero. Mapapo akauma amapepuka kwambiri, amathyoka mosavuta ndi zala, ndipo mtengo wake kubutchala ndi wotsika.

Usipa ndiye mpikisano weniweni wa chiwindi, ndipo kwa ambiri a ife ndi umene ungatheke tsiku ndi tsiku. Umapezeka pamsika uliwonse, kuyambira ku Limbe mpaka ku Mzuzu, ndipo a ku Chipata ndi ku Lusaka ali ndi kapenta amene amagwira ntchito yomweyo. Wauma kale, sufuna firiji, ukhoza kukhala m'kachitini mlungu wonse osawonongeka, zimene chiwindi sichingachite magetsi akamathimathima. Kansomba kamodzi mumakathyola patatu, mwapeza timphotho titatu. Minga yake ndi yofewa moti kagalu kamadya yonse, n'kupezamo zomanga thupi, zolimbitsa mafupa komanso mafuta abwino amene amasalalitsa ubweya.

Koma usipa si umodzi. Wokazinga m'mafuta usiyeni. Wofutsa nthawi zambiri amauwiritsa m'madzi a mchere asanauyanike, ndipo mchere wochuluka chotero si wabwino kwa kagalu. Wabwino ndi wongoyanika padzuwa. Ngakhale umenewo, unyikeni m'madzi otentha kwa mphindi 10, mutsuke mchenga uchoke, kenako muumitsenso m'chiwaya chopanda mafuta pa moto wochepa. Muununkhizenso pogula: ngati ukumveka fungo la mafuta ovunda kapena ukuoneka wotuwa ndi chuku, usiyeni ngakhale mtengo utsike bwanji. Nsomba zouma zikuluzikulu monga utaka ndi chambo zili ndi minga yolimba imene ingabaye pakhosi, ndiye sizilowa m'gulu limeneli.

Ndiye pakati pa ziwirizi, ine ndimagawa ntchito. Usipa ndi wa maphunziro a m'nyumba ndi a pabwalo lampanda: "khala", "gona", kuzolowera dzina lake, kuchitira chimbudzi pamalo oyenera. Chiwindi ndimasungira mawu ovuta, makamaka "bwera" ndi "siya". Kagalu kakaona nkhuku ya aneba ikudutsa, mukukapempha kuti kasiye chinthu chosangalatsa kwambiri pa moyo wake n'kubwerera kwa inu, ndipo malipiro ake ayenera kukhala oposa nkhukuyo. Mukamapereka chiwindi pa chilichonse, chimasanduka chakudya wamba n'kutha mphamvu pa nthawi imene mukuchifunitsitsa. Kaya ndi chiwindi kaya usipa, mphotho ifike m'kamwa pasanathe masekondi awiri kagalu katachita zomwe mwanena, ndipo phunziro lililonse lisapitirire mphindi 5.

Nyama ya nkhuku yowiritsa, yochotsa khungu ndi mafupa, ndi yabwino kwa kagalu ka m'mimba mosachedwa kusokonezeka kapena kamene kangosiya kuyamwa. Kuipa kwake ndi kwakuti imakhala yonyowa, imawonongeka msanga kukatentha, ndipo mufiriji siyenera kupitirira masiku atatu kapena anayi. Dzira lowiritsa tiagalu timalikonda, koma limanyenyeka m'manja, kagalu n'kumangofunafuna nyenyeswa pansi m'malo moyang'ana kwa inu. Ndi bwino kungoliika m'mbale ya chakudya.

Tibwere ku zotafuna. Kagalu kamakhala ndi mano a mkaka 28, amene amayamba kuguluka kakafika miyezi itatu kapena inayi, ndipo pofika miyezi 6 kapena 7 mano okhazikika 42 amakhala atamera. M'miyezi imeneyi nkhama zimanyerenyesa ndi kuwawa, ndipo kutafuna ndiko mankhwala ake. Kukamenya chifukwa kadya nsapato sikuchotsa kuwawako. Kapatseni choti kazitafuna.

Apa mbatata ndiyo ikutsogola, makamaka yofiira mkati, imene ili ndi michere yambiri kuposa yoyera. Isendeni, muidule m'litali tizidutswa tokhuthala ngati chala, muiwiritse pang'ono kwa mphindi 5, kenako muiumitse mu uvuni pa madigiri 120 kwa maola pafupifupi atatu. M'chilimwe dzuwa lokha limakwanitsa m'masiku awiri kapena atatu, bola muphimbe ndi kaneti kuti ntchentche zisatere. Musaumitse mpaka kuchita gwa. Ikhale yopindika, yotamuka, yoti mukaidina ndi chikhadabo chizisiya kachizindikiro. Muyeso wa chikhadabowu umagwira pa chotafuna chilichonse: chimene chikhadabo chalephera kudina chikhoza kuthyola dzino la kagalu. Mbatata ikauma shuga wake amachulukana m'kachidutswa kakang'ono, choncho kamodzi kapena tiwiri pa tsiku n'tokwanira. M'dzinja imachita chuku msanga, ndiye muzipanga yochepa. Musaganize zosinthanitsa ndi chinangwa chosaphika, makamaka chowawa, chifukwa chili ndi poizoni.

Karoti wamkulu wozizira ndi wosavuta kuposa zonse: kutsuka, kuika mufiriji, kupereka. Magalamu 100 ali ndi makalori pafupifupi 40, ndipo kuzizira kwake kumatonthoza nkhama. Fungo lake ndi lochepa moti tiagalu tina timangomusiya, komanso akatsala kachidutswa koti kangamezedwe kathunthu muyenera kukalanda.

Chiponde anthu amachitama kwambiri, koma ine ndimachiika pambuyo pa mbatata. Ubwino wake ulipo, ndipo ndi umodzi: chimamata. Mukapaka pang'ono kwambiri pambale kapena mkati mwa chidole cha mphira chobowoka monga Kong, kagalu kamanyambita mwakachetechete pamene inu mukukasambitsa, kukawenga zikhadabo kapena kukachotsa nkhupakupa m'makutu. Kunyambita kumakhazika galu mtima pansi. Koma mafuta ake ndi ochuluka, ndipo chakudya cha mafuta ambiri chimatha kutupitsa kapamba, matenda opweteka kwambiri amene amayamba ndi kusanza ndi kukana kudya. Palinso nkhani ya chuku. Mtedza wosauma bwino kapena wosungidwa ponyowa umakhala ndi poizoni wa aflatoxin, amene amawononga chiwindi, ndipo agalu sachedwa kudwala naye. Kukazinga sikumuchotsa. Choncho ngati mukupanga nokha, sankhani mtedza ndi manja, mutaye wonse wofota, wothyoka, wakuda ndi wowawa, mukazinge wopanda mchere, musinje mumtondo. Ogula m'sitolo, makamaka anzathu a ku Johannesburg ndi ku Britain kumene ziponde zopanda shuga ndi zambiri, awerenge pabotolo. Mukaona mawu akuti xylitol, chibwezeni pashelufu. Chotsekemera chimenechi chimatsitsa shuga wa m'magazi a galu mwadzidzidzi ndipo chimapha.

Njira yabwino yogwiritsira ntchito chiponde ndi kuchisakaniza ndi dzungu. Dzungu lophika lili ndi makalori pafupifupi 20 okha pa magalamu 100, ndipo limathandiza kuti chimbudzi chikhale cholimba bwino. Pondani masupuni atatu a dzungu, muikemo kasupuni kakang'ono kamodzi ka chiponde kuti kapereke fungo, muthire m'chidole kapena m'kambale, muike mufiriji mpaka ziume. Kagalu kamatha nazo nthawi yaitali kuposa chiponde chokha, koma mphamvu imene kadya ndi yochepa. Ena amaikamo chambiko chopanda shuga, chimene agalu ambiri amachigaya bwino kuposa mkaka wa ng'ombe wosasasa, umene nthawi zambiri umatsekulitsa m'mimba.

Kusangalatsa kagalu sikufuna chakudya chatsopano nthawi zonse. Tengani usipa pang'ono pa gawo lake la tsikulo, muumwaze pakapinga kuti kafufuze ndi mphuno. Kapena ukulungeni m'chitenje chakale n'kumanga mfundo yosalimba, kapena muubise m'katoni yokhala ndi mapepala ofwanyafwanya. Mphindi 10 za kununkhiza zimatopetsa kagalu bwino lomwe, ndipo kenako kamagona. Muzikhala pafupi kuti kasameze nsalu kapena mapepala.

Zoopsa zambiri zili m'khitchini mwathu momwemo. Zotsala za ndiwo ndizo zoyamba, chifukwa pafupifupi ndiwo zonse timathira anyezi, ena ndi adyo, ndipo zonse ziwiri zimawononga maselo ofiira a magazi a galu, kaya zaphikidwa kaya ayi. Mphesa, zaziwisi ndi zouma zomwe, zimatha kuwononga impso. Chokoleti ndi poizoni kwa galu, ndipo chakuda kwambiri ndicho choopsa kwambiri. Mtedza wa macadamia, umene umalimidwa ku Thyolo ndi madera ena, umafoola miyendo ndi kunjenjemeretsa thupi. Mafupa ophika, makamaka a nkhuku, amang'ambika kukhala tizisonga tobaya matumbo. Ndipo pali ziwiri zimene ambiri saziganizira: chitsononkho cha chimanga ndi njere ya mango. Kagalu kamazikonda chifukwa cha fungo, koma kachidutswa kakamezedwa sikagayika, kamatseka matumbo, ndipo nthawi zambiri pamafunika opaleshoni. M'nyengo ya chimanga chachiwisi ndi ya mango muzitola zimenezi pabwalo. Njere ya peyala nayonso ndi chimodzimodzi. Kagalu kakayamba kusanza mobwerezabwereza, kufooka kapena kukana chakudya mutakayikira kuti kadya chimodzi mwa izi, pitani nako kwa dokotala wa ziweto tsiku lomwelo.

Pali ntchito ina imene chiwindi chimagwira bwino kuposa zonse, ndipo imakhudza moyo wa anthu. Katemera wa chiwewe amaperekedwa kagalu kakafika miyezi itatu, ndipo amabwerezedwa. Ku Blantyre bungwe la Mission Rabies lakhala likutemera agalu ambirimbiri kuyambira mu 2015, ndipo kulikonse kumene katemera wotere amachitika, galu wovuta ndi amene sanazolowere kugwidwa. Yambani lero: gwirani khutu, perekani kachidutswa, nyamulani phazi, perekani, tsinani pang'ono khungu la pakhosi kumbuyo kwa mutu, pamene jakisoni amalowa kawirikawiri, perekani. Ana a m'nyumba achitenso chimodzimodzi munthu wamkulu ali pomwepo. Tsiku la katemera mutenge chiwindi m'kachitini, ndipo mupatse wotemerayo kachidutswa kamodzi kuti akapatse yekha asanakabaye.